Botolo la Anthu Asanu

Lolemba

Mvula yagwa m'bandakucha, njira ya ku kiliniki ndi matope okhaokha. Tapitabe. A Tembo avomera lero, patatha miyezi itatu ndikuwauza, ndipo mwamuna wanga akavomera chinthu sindimupatsa nthawi yoti aganizenso.

Ndilembe nkhani yake momwe ilili. A Tembo ali ndi zaka 62, ali ndi shuga. Katemera wa korona anabayitsa kamodzi kokha, nyengo yozizira ija tinkapita ku maliro tsiku ndi tsiku, ndipo papita chaka ndi theka. Tsopano kwabwera mtundu wina wa kachilomboka, anthu ayambanso kutsokomola m'maminibasi. Kumapeto kwa mwezi akupita ku Katete kukakwatitsa mwana wa mlongo wawo: maola ambirimbiri m'basi yotseka mawindo, kenako masiku atatu akuimba besi m'kwaya pakati pa khamu. Jakisoni wowonjezera amafuna milungu iwiri kuti agwire bwino. Ndayang'ana pa kalendala, sabata yake ndi ino. Ine wanga ndinabayitsa mwezi watha.

Ku kiliniki benchi ya katemera ilibe munthu. Ndakondwa, ndati tituluka msanga. Sista wake, mtsikana wamtali wa magalasi, wayang'ana a Tembo, wasuzumira kumbuyo kwathu ngati kukubwera ena.

"Mami, ka botolo kamodzi ni ka bantu faivi. Nikasegula, pakapita ma awazi sikisi vosala nitaya. Letani bantu faivi, nizasegula."

Ndafuna kukwiya, ndalephera. Akunena zoona. Ndinagwira ntchito mu labotale ya sukulu zaka khumi ndi zinayi isanatsekedwe, ndikudziwa kuti mankhwala otsegula sadikira munthu. Botololi lili ngati minibasi ya ku tauni, silinyamuka lisanadzaze.

A Tembo pobwerera, akudumpha zithaphwi mosangalala kwambiri: "Amake Misozi, ndakupatsani sabata imodzi. Ikatha, nkhani ya nyeleti ya katemerayi isamvekenso m'nyumba mwanga."

Sabata imodzi, anthu anayi owonjezera. Pa mpopi pokha m'mawa pamaima anthu makumi awiri. Zosavuta!

1. A Tembo.
2. Misozi, mwana wathu, ku Chawama. Sangakane mayi ake.
3. Ba Mulenga, a lendi m'chipinda chakumbuyo, mlonda ku Kabulonga.
4. Amake Dalitso, a kuseri kwa mpanda, ochapa zovala m'mayadi.
5. Ba Zulu ometa, pafupi ndi kantemba kanga.

Onsewa anabayitsa kamodzi nthawi ija, ndipo palibe wabwererako. Ndikudziwa chifukwa ndine ndinawakoka.

Madzulo magetsi kulibe. Nyemba zapsa bwino pa mbaula. Mtima uli m'malo.

Lachiwiri

Pa kantemba malonda ndi a masiku ano: dzira limodzi, tomato muwiri, mafuta ophikira a m'kapepala. Nthawi yowerenga ndi yolankhula ilipo yambiri.

Ba Mulenga afika kuchokera ku ntchito, maso ali psuu. Amvetsera, kenako: "Manje ba mayo, ngati ija nyeleti inasebenza, chifuba chija cha mu Disemba chinangena bwanji?"

Funso labwino! Ndawakhazika pa kreti. Zimene ndawauza:

— Katemera amaonetsa thupi nkhope ya kachilombo. Thupi limapanga tinthu totchedwa maantibodi, timene timakakamira pa minga ya kachilomboko kuti kasalowe m'maselo. Amenewo ndiwo alonda a pa geti.
— Miyezi ikamapita, alondawo amachepa m'magazi.
— Kachilombo nako kamasintha minga yake. Wakuba ndi yemwe uja, koma wameta ndevu, wavala chipewa china. Alonda ena sakumuzindikira, ena akumugwira koma mofooka.
— N'chifukwa chake munthu wobayitsa angathe kutsokomola. Koma m'kati muli maselo okumbukira, amene amadzuka wakuba akalowa. Amachedwa masiku angapo, komabe kawirikawiri amamupeza asanawononge mapapo. Inu munatsokomola masiku anayi, simunagone m'chipatala.
— Jakisoni wowonjezera amachulukitsanso alonda, ndipo ena mwa iwo amaphunzira kuzindikira wakubayo ndi makutu ndi kayendedwe, osati ndevu zokha.

Ba Mulenga: "Monga ku kampani kwatu. Tenze sikisi pa geti, manje tasala babili, na tochi imodzi."

Ndendende! Zaka zonse za ku sukulu sindinakhale ndi wophunzira womva msanga chonchi. Avomera, koma m'mawa mokha, asanagone. Akagona, ndi mpaka madzulo.

Amake Dalitso za alonda alibe nazo ntchito. Nkhawa yawo ndi mkono, ulendo woyamba unalemera masiku awiri. Amachapa kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. "Madamu samvela va mkono, afuna chabe mabulangeti yayume." Chifukwa chomveka. Ndiye Lachisanu, kuti mkono upume Loweruka ndi Lamlungu.

Ba Zulu ndiwo ntchito. Iwo amadzifunda bulangete pa nthunzi ya masamba a bulugamu, akuti n'zokwanira. Andionetsa kanema pa foni, munthu wina sipuni yamumatirira pa mkono pamene anabayidwa. Ndatenga sipuni ya pa kantemba, ndaiika pa mkono wanga, yagwera m'matope. Akuti masipuni a masiku ano n'ngabodza.

Talimbana mpaka kasitomala wawo wadandaula kuti mutu wametedwa mbali imodzi. Pomaliza: "Oke ba mayo. Malaiti yakayenda nizabwela, chifukwa mashini siisebenza. Yakankalako, ine nili pa nchito."

Choncho Lachisanu, m'mawa, magetsi atazima. Moyo wanga wonse sindinafunepo kuti magetsi azime. Lero ndayamba.

Lachitatu

Misozi waimba foni, mawu ali ngati a bambo ake. Thupi kutentha, pakhosi kuwawa, mwamuna wake chimodzimodzi. Akufuna kubwerabe Lachisanu kuti asandikhumudwitse. Ndamuletsa. Wodwala sabayitsa mpaka achire, komanso kuika wotsokomola pa benchi imodzi ndi munthu wa shuga pofuna kuteteza munthu wa shugayo, ayi. Ndamuuza akayezetse, amwe madzi ambiri, asayandikire kuno.

Atsala anayi.

Aliyense wofika pa kantemba lero wafunsidwa. Zotsatira:

— Wa malasha: kadi anataya, ndipo sakukumbukira ngati jakisoni uja anali wa korona kapena wa galu amene anamuluma.
— Amake mapasa: abusa awo analetsa.
— Mlamu wa ba Mulenga: akufunsa ngati wobayitsa akupatsidwa sopo.
— Bambo wina wogula ndudu imodzi: "Korona inasila kudala, ba mayo. Manje matenda ni unga." Ndayang'ana timapepala ta ufa timene ndikugulitsa m'malo mwa matumba. Sindinatsutse kwambiri.

Masana ndatseka, ndapita ku kiliniki kukafunsa ngati angandiwerengere ine kachiwiri. Sista waseka mpaka wavula magalasi. "Mami, si vitumbuwa ivi!"

Yankho ndimalidziwa ndisananyamuke. Maantibodi anga ali pamwamba kale, kundibayanso pano n'kutaya katemera. Ndapitabe. Ndilembe, kuti ndizikumbukira kuti nanenso ndimachita zopanda mutu.

Akuti pali mayi wina amabwera yekha masiku ena, amakhala pa benchi, amabwerera. Nambala sanasiye, kumene amakhala palibe akudziwa. Ndamudikira theka la ola. Sanabwere.

Kunyumba a Tembo akupala matabwa a mabenchi a tchalitchi, akuimba. Andiona pa geti: "Lachitatu latha, amake Misozi." Nkhope ili ngwee.

Lachinayi

Ndikutsuka mbale, nzeru yabwera yokha. Amayi!

Amayi anga ali ku Kalingalinga kwa mlongo wanga. Zaka 79, BP, jakisoni mmodzi yekha ngati enawa. Pa anthu onse amene ndawavutitsa sabata ino, ofunika katemerayu kwambiri ndi iwo, ndipo sindinawaganizire. Manyazi andigwira ndili ndekha kukhitchini.

Ndapita wapansi, si patali, ndipo minibasi masiku ano ndi ya maulendo akuluakulu. Ndakonzeka mokwanira. Ndajambula pa pepala mpira wa minga ndi timaantibodi tokakamira, mtundu wakale kumanzere, watsopano kumanja. Njira yonse ndikubwereza mawu osavuta.

Pepala silinatuluke n'komwe m'chikwama.

"Jakisoni? Liti?"

Ndati mawa.

"Ndibwera. Mapiritsi amene amandipatsawa n'chakudya cha nkhuku. Jakisoni ndiye mankhwala."

Zimenezi si zoona. Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti mapiritsi a BP ndiwo akuwasunga, ndatsekanso. Ndidzawauza Loweruka. Afunsa ngati singano yake ndi yaikulu. Ndati kang'onong'ono. Akhumudwa pang'ono.

Asanu! Mnzake wa mlongo wanga ali ndi takisi, awasiya pa kiliniki eiti koloko popita ku tauni.

Pobwerera ndadutsa kwa onse. Ba Mulenga ali mtulo, ndalowetsa kapepala pansi pa chitseko. Amake Dalitso akuti mkono wamanzere, osati wamanja. Ba Zulu aloza babu woyaka pamwamba pa kalilole.

A Tembo afika otopa. Ndati, asanu akwana. Ati, "Oho." Sanafunse kuti ndani, ine sindinanene, maso anali pa ndandanda ya magetsi. Ikuti kwathu azima sikisi koloko m'mawa. Ndandanda imeneyi mwezi uno yanena zoona kangapo kokha.

Ndawasitira shati yoyera ya manja aatali ndi ayironi ya makala. Ku kiliniki sapita ndi zovala za utuchi.

Lachisanu

Sikisi koloko, wailesi yaduka pakati pa nyimbo. Azima! Ndaomba m'manja. Amake Dalitso asuzumira pa mpanda kuona ngati ndili bwino.

Hafu seveni tili pa kiliniki: a Tembo m'shati yawo yoyera, ba Mulenga akusinza, amake Dalitso agwira kale mkono, ba Zulu akununkha bulugamu, akuti ayamba ndi nthunzi kuti ziwirizi zikakumane m'kati. Chipinda cha katemera n'chimodzi, benchi imodzi m'kati, mpando wobayira uli moyang'anana ndi benchiyo.

Takisi yaima. Amayi atsika, chitenje chatsopano, duku la ku tchalitchi, ndodo m'manja.

Ndatembenuka kuti ndiuze a Tembo kuti takwana. Pamalo pawo palibe munthu.

Ndawapeza pakona pa chipinda, agwada m'matope, maso pansi, akuomba m'manja chapansipansi. "Amake Misozi, afunseni ngati adzuka bwino." Amayi nawo atembenuzira nkhope ku mpanda: "Uwauze tadzuka, kaya iwo." Moni watha. A Tembo adzuka, abwerera chafutambuyo mpaka kuseri kwa thanki ya madzi.

Zaka makumi atatu ndi zinayi tili m'banja. Sanakhalepo pa mpando umodzi ndi apongozi awo, sanadyepo pamaso pawo. Akakumana panjira amatsikira m'ngalande. Izi ndimazidziwa ngati dzina langa. Ndawerengera maola sikisi a botolo, milungu iwiri ya maantibodi, masiku ochapa, tulo ta mlonda, ndandanda ya magetsi. Izi zokha sindinawerengere.

Sista pakhomo: "Ba faivi, ngenani!"

Ndalowetsa amayi ndi atatu aja, ndati wachisanu akubwera, ndathamangira ku thanki. Ndalankhula modekha. Ndati ino ndi Lusaka. Ndati ndi kiliniki, si pakhomo. Ndati kachilombo sikadziwa za apongozi.

"Shati iyi manja ake sakwera. Mukufuna ndivule pamaso pawo? Ndikhale chifuwa pamtunda?"

Shati yake ndinasankha ndine.

Ndaganiza msanga. Botolo lotsegula limakhala maola sikisi. Amayi abayidwe, apume mphindi khumi ndi zisanu zimene amauza aliyense, atuluke, a Tembo alowe. Palibe chatayika! Avomera. Ndaima nawo pamenepo kuti asasowe kachiwiri, tikuyang'ana thanki ikudontha.

Ndabwerera m'chipinda mphindizo zitatha. Pa benchi pali anthu asanu, aliyense wagwira kathonje pa mkono. Wachisanu ndi mayi wina wochepa thupi, wa jeresi yobiriwira, wakhala pakati pa amayi ndi ba Zulu ngati wachibale.

Sista: "Munakamba faivi, naona faivi. Si banu aba?"

Ndi mayi uja wobwera yekha. Lero ndi ulendo wake wachinayi, amachokera ku Kalikiliki wapansi, mwamuna wake ali ndi TB. Anangoona anthu akulowa, analowa nawo. Wandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti Mulungu andidalitse. Ndingamuuze chiyani? Ndati zikomo.

M'botolo mulibe kanthu. Pa khomo palibenso wina.

Amayi akondwa, akuti jakisoni wake wamveka ndithu ngakhale ndi wamng'ono. Ndawaperekeza ku siteshoni. A Tembo atuluka kuseri kwa thanki minibasi itakhota, mawondo a buluku ali matope.

Sitinakangane. Palibe amene walakwa, kupatula wosita shati.

Loweruka

Sabata sinathe. Ndawakumbutsa a Tembo, avomereza, ndi munthu wosunga mawu mbali zonse ziwiri. Sista anati lero akhala ndi tenti ku msika mpaka thwelofu koloko. Shati ya manja aafupi. Ndaimba ku Kalingalinga kutsimikiza kuti amayi ali pakhomo ndipo sakupita kulikonse.

Tenti ili pafupi ndi pokwerera maminibasi. A Tembo akhala okha pa benchi, manja pa mawondo. Ine ndaima kunja. Poyamba ndikufotokoza bwinobwino za maantibodi ndi mtundu watsopano, anthu akundilambalala ngati ndikugulitsa mankhwala a makoswe. Pofika teni koloko ndikungokuwa: "Anayi atsala! Anayi chabe tinyamuke!" Anyamata oitanira mabasi aseka, mmodzi wati ndikafuna ntchito ndikawaone.

Ba Zulu atulukira, magetsi kulibenso. Mkono uli bwino, ndipo tsopano ndiwo katswiri wa katemera m'komboni yathu yonse ya Mtendere. Akuti vuto ndi benchi yopanda anthu. "Muntu sakwela basi ilibe bantu, ba mayo. Muziba mwamene bachitila ba ngwangwazi." Ndikudziwa. Oitanira mabasiwo amakhazika anzawo m'mipando kuti basi ioneke yodzaza, okwera enieni akalowa anzawowo amatsika mmodzimmodzi.

Ndati ndi chinyengo. Ndayang'ana wotchi. Ndati chabwino.

Akhala ba Zulu, akhala amake Dalitso amene anabwera kudzagula nsomba za kapenta, ndakhala ine. Ndipo zagwira! Mayi wina wogulitsa chibwabwa waika dengu pansi, wakhala. Mdala wina wa chipewa cha nsalu wafunsa ngati yatsala pang'ono, wakhala. Enieni atatu. Atsala awiri!

Sista wabwera kudzatenga makadi. Wayang'ana ba Zulu pamwamba pa magalasi, wawazindikira kuti ndi a dzulo. "Imwe si nakulasani mailo?"

Taimirira atatu abodzafe. Mdala wayang'ana benchi, wayang'ana ife. "Aa, ni basi ya boza iyi." Watenga chipewa, wapita, monga achitira munthu aliyense wanzeru pa siteshoni. Wa chibwabwa wapirira mpaka mitambo yada, kenako wathamangira kukafunditsa malonda ake.

Mvula. Thwelofu koloko. Apinda tenti, botolo labwerera m'bokosi lake lozizira losatsegulidwa, momwe ziyenera kukhalira.

A Tembo andifunditsa jekete lawo panjira. Sananene kuti Loweruka latha. Ndawathokoza mumtima.

Lamlungu

Tchalitchi. Besi yamveka bwino. Ine ndakhala pafupi ndi zenera.

Misozi anayezetsa, ndi korona yemwe. Kutentha kwatsika, wadya phala, akudandaula kuti mwamuna wake akudwala mokweza kuposa iye. Jakisoni mmodzi wa chaka ndi theka chapitacho sanamutsekere geti, koma m'kati ntchito yagwirika. Ndi zimene mabuku amanena. N'zosangalatsabe kuzimva pa foni.

Momwe zinthu zilili:

— Obayidwa sabata ino: mlonda, wochapa, wometa, amayi anga, ndi mayi wa jeresi yobiriwira amene dzina lake sindinafunse. Pakatha milungu iwiri onsewa adzakhala otetezeka kuposa lero.
— Osabayidwa: munthu mmodzi yekha amene ndinayambira zonsezi.
— A Tembo sali chabe. Maselo okumbukira alipo. Pa zaka zawo ndi shuga wawo ndikanakonda alonda ambiri pa geti. Sindinawapeze.
— Chotsala: mpando wa pa zenera, mamasiki atatu otseka pakamwa, mapiritsi a shuga m'thumba la shati osati m'chikwama chapansi pa basi. Akayamba kutsokomola, chipatala tsiku lomwelo, osadikira ukwati uthe.

Nkhani ya nyeleti sindinaitchule. Pangano ndi pangano. Tadya chibwabwa chotendera, ndinagula kwa mayi uja, zinali zoyenera.

Masana foni yalira, amayi. Samva bwino, ndiye amakuwa, mawu akumveka mpaka pakhonde. A Tembo atangozindikira mawuwo aimirira, avula chipewa.

Amayi akuti mkono uli bwino, akufunsa kuti jakisoni wina abayitsa liti. Kenako: "Uwauze a Tembo asachite manyazi. Ndinawaona akuthawira ku thanki. Amuna ambiri amaopa singano, atate ako ankachita kugwiridwa ndi anthu awiri. Uwauze sizipweteka, ine nkhalamba sindinalire."

Ndati ndiwauza.

A Tembo kuwayankha sangathe. Kuwatumizira mawu otsutsa, kwa apongozi, sangathenso. Aima pakhonde nthawi yaitali, chipewa m'manja, akuyang'ana matabwa awo. Kuseri kwa mpanda amake Dalitso akutsokomola chifuwa chimene si cha matenda.

Kenako, osandiyang'ana: "Amake Misozi, kodi ku kiliniki kuja Lolemba amatsegula nthawi yanji?"

Ndati eiti koloko. Milungu iwiri sikwananso bwinobwino, koma masiku khumi ndi awiri si chabe.

Sindinawauze kuti anthu onse amene amandimvera mu Mtendere muno ndawabayitsa kale. Ndatenga lichero, ndakhala pansi, ndikusenda mtedza.